Ringu ndi The Ring: chitsime chimodzi, mantha osiyana

Nkhani ya mafilimu oopsa awiriwa ndi imodzi. Pali tepi ya vidiyo; ukaionera foni imalira, ndipo pakatha masiku 7 umafa, pokhapokha utaikopera ndi kuonetsa munthu wina. Ringu inatuluka ku Japan mu 1998, yowongoleredwa ndi Hideo Nakata kuchokera m'buku la Koji Suzuki la 1991. Ku America anaibwereza mu 2002 pa dzina loti The Ring. Wowongolera anali Gore Verbinski, ndipo Naomi Watts ndiye Rachel, mtolankhani wofufuza za tepiyo.

Ya ku Japan imangopyola pang'ono ola ndi theka. Ya ku America ndi ya mphindi 115 ndipo inadya madola 48 miliyoni. Mphindi zowonjezerazo zambiri zinathera pa kufotokoza: mahatchi a banja la Morgan (lomwe linalera Samara, mtsikana amene mzukwa wake umapha oonera tepiyo) ochita misala, hatchi yodumphira m'nyanja kuchoka m'sitima, tepi ya kuchipatala mmene mtsikana Samara akuyankha mafunso a dokotala. Samara timamuona nkhope, timamva mawu ake, mpaka timamumvera chisoni. Sadako, mzukwa wa mu Ringu, satipatsa mwayi umenewo. Tsitsi laphimba nkhope, wavala zoyera ngati mizukwa ya m'nthano zakale za kwawoko, ndipo chomwe timaona pamapeto ndi diso limodzi basi. Kwa ine apa ndi pomwe yoyambayo inapambana, chifukwa chimene sunachione bwino ndicho chimakutsata mpaka kunyumba.

Taonani malo otchuka aja, pamene mtsikanayo akutuluka m'chitsime kenako m'TV. Mu Ringu, Rie Inō, yemwe anasewera Sadako, anamujambula akuyenda chambuyo, kenako anatembenuza filimuyo kuti aoneke ngati akubwera kutsogolo. N'chifukwa chake mapewa ndi miyendo zimagwedezeka mosakhala mwa munthu, koma sungaloze chomwe chalakwika. Kamera siithamanga. Mu The Ring anathira za pakompyuta: madzi akutayikira pansi, thupi likuthwanima, mwadzidzidzi wafika pamaso pa Noah, bambo wa mwana wa Rachel. Umadzidzimuka ndithu, koma zimatha msanga.

Komabe amene amaonetsa mafilimu mu vidiyo sho ku Kamuzu Road kapena ku Senga Bay asathamangire Ringu chifukwa choti ndaiyamikira. Filimu imeneyi imadalira bata ndi mdima, zinthu ziwiri zomwe zimasowa m'mashedi athu. Kutentha kwa kunyanja kuno kumakakamiza kusiya chitseko chotsegula, ndipo kuwala kukangolowa, zochitika za m'chitsime pansi pa kanyumba ka ku Izu, ku Japan, zimasanduka chithunzi chakuda chopanda kanthu. Nyimbo za Kenji Kawai n'zapansipansi, zokhala ngati chitsulo chikukhulidwa patali. Jenereta ikamalira pafupi, zatha. Womasulira m'Chichewa akamadzaza mpata uliwonse ndi nthabwala, holo yonse imaseka pomwe inayenera kugwira mpweya. The Ring imapirira zonsezi: phokoso lake ndi lalikulu, zoopsa zimabwera pafupipafupi, ndipo nkhope ya Katie, mtsikana wophedwa ndi tepiyo yemwe anapezeka m'kabati, imakuwitsa anthu ngakhale masana.

Wofuna kuti Ringu igwire ntchito yake aionetse usiku, atatseka mipata ya m'makoma ndi nsalu yakuda kapena makatoni. Jenereta ikhale kuseri kwa khoma, mamita 10 kapena kuposa, panja pomwe utsi ukutuluka. Batire ya sola ndiyo yabwino koposa chifukwa siilira. Pa TV chotsani Vivid kapena Dynamic, sankhani Movie kapena Cinema. Musakweze brightness mpaka kumapeto: zakuda zimatuwa, n'kuyamba kuoneka timabokosi. Timabokosi timeneti gwero lake ndi fayilo yofinyidwa kwambiri, ngati zija za 200MB zoyenda m'mamemori khadi, chifukwa pofinya, malo amdima ndiwo amayamba kuwonongeka. Funani ya pafupifupi 1GB. Popeza amalankhula Chijapanizi, fayilo ya mawu olembedwa pansi (yothera ndi .srt) ikhale m'foda imodzi ndi filimu pa fulashi, ndipo dzina likhale lofanana ndendende, apo ayi ma TV ambiri saiwerenga.

Pa The Ring vuto ndi lina. Chithunzi chake chimaoneka chobiriwira motuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ambiri amayesa TV yawonongeka n'kuyamba kusintha mitundu. Anachita dala wojambula wake Bojan Bazelli, kuti mzinda wa Seattle uoneke wozizira ndi wodwala. Isiyeni mmene ilili.

Ngati muonetsa onse awiri, yambani ndi Ringu. Mukayamba ndi ya ku America, anthu amadziwiratu chomwe chituluke m'TV, ndiye ola ndi theka la kudikira limangosanduka kutopa. Mathero nawo amasiyana kuwawa: Rachel amathandiza mwana wake Aidan kukopera tepi osatchula amene akaione, pamene Reiko, mtolankhani wa mu Ringu, amakwera galimoto kupita nayo kwa bambo ake omubereka. Ana ang'ono musawalowetse konse.