Corolla yasiya kuwira, koma mabowo a mabauti anandisautsa

Corolla yanga ya AE101, ija ya injini ya 4A-FE, yaliranso sabata ino, ndipo mpaka lero m'rediyeta simukutuluka thovu, oyilo sakusakanikirana ndi madzi, komanso utsi woyera umene unkatuluka m'mawa uliwonse watha. Gasiketi ya hedi, imene imatseka mpata wa pakati pa hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini) ndi buloku (thunthu la injini mmene muli masilinda), inapsa pakati pa silinda yachitatu ndi njira ya madzi. Ndinayamba kuikayikira nditaona kuti pulagi ya silinda imeneyo ndi yoyera kuposa zinzake, chifukwa nthunzi inkaitsuka, ndipo nditachotsa hedi ndinapezadi mzere wakuda pamene moto unkadutsa.

Kumasula sikunavute kwenikweni. Chimene ndingakumbutse anzanga amene muli ndi injini ya mtundu umenewu ndi kabauti ka 6 mm kogwirira giya yaing'ono ya pa camshaft (mtanda wotsegula mavavu) musanainyamule, popeza giyayo ili ndi sipuling'i mkati ndipo ikamasuka kuibwezera pamalo ndi ntchito ina payokha. Mabauti khumi a hedi ndinawamasula pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Nditayesa hedi ndi rula yachitsulo ndi feeler gauge (timapale topyapyala toyezera mpata) kuti ndione ngati yapindika, ya 0.10 mm inkalowa bwinobwino pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu, pamene buku la Toyota limalola 0.05 mm yokha, choncho ndinapita nayo kukaipalitsa pa makina. Buloku inali yowongoka.

Chimene chinandidyera masiku ndi mabowo a mabauti a mu buloku. Mabowo amenewa ndi otseka pansi, ndiye pamene ndinkanyamula hedi, madzi ndi oyilo zimene zinatsalira zinatsikira momwemo n'kukasakanikirana ndi dzimbiri la zaka zambiri, mpaka kukhala ngati matope a kudambo. Ena amangopukuta pamwamba n'kumanga, koma ine sindingalimbe mtima kutero. Bauti ikatsikira pa madzi otsekeredwa, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) imalira kuti yafika pa mlingo wofunika wa 29 Nm pamene hedi sinapanikizike n'komwe, ndipo mukawonjezera kuzungulitsa bautiyo madigiri 90 kawiri monga mmene injini imeneyi imafunira, mphamvu yonseyo imathera pa madziwo, mwinanso kung'alula buloku. Gasiketi yatsopano ikhoza kupsanso miyezi isanapite patali, munthu n'kumaimba mlandu wogulitsa.

Kunyumba ndilibe kompresa. Ndinayamba ndi jekeseni wamkulu womangirira kapaipi kowonda, n'kumathira palafini m'bowo lililonse ndi kukoka mpaka zotuluka zitayera. Kenako ndinatenga bauti imodzi yakale, ndinaicheka timizere titatu m'litali ndi sowo yodulira zitsulo, ndipo ndinkailowetsa pang'ono, kuibweza, kupukuta zinyalala zimene zakodwa m'timizeremo, n'kuilowetsanso. Sindinafune kugwiritsa ntchito tap, chida chochekera mazinga a bauti m'bowo, chifukwa imadya chitsulo, pamene ine ndinkafuna kuchotsa litsiro lokha. Poumitsa ndinagwiritsa ntchito pompi ya njinga, nditaphimba masilinda ndi nsalu kuti zouluka zisagweremo. Mabowo ambiri anagonja msanga, koma awiri a mbali ya ekizozi, pafupi ndi pamene gasiketi inapsera, ankaimitsa bauti isanafike pansi ngakhale ndibwereze motani. Ndinawasiya atadzaza palafini usiku wonse, m'mawa n'kuyambiranso, mpaka tizidutswa touma ta dzimbiri tinayamba kutuluka. Lamulo limene ndinadziikira linali lakuti bauti iliyonse itsike mpaka pansi ndi zala zokha, popanda sipanala, ndipo sindinaike gasiketi mpaka mabowo onse khumi atavomera.

Gasiketi ndinaigula ku Malangalanga, kwa bambo wina wachikulire amene ndakhala ndikugulako kuyambira nthawi imene ndinkasintha kilatchi ya galimoto yomweyi. Chimene ndimawakondera n'chakuti sakwiya munthu akabwera ndi chitsulo chakale. Anayala magasiketi atatu pa tebulo, ine n'kumasanjika yanga yopsayo pamwamba pa iliyonse, ndipo yotsika mtengo kwambiri inali ndi timabowo ta madzi tosalingana ndi ta yakale. "Iyi musatenge, achimwene, mudzabweranso," anatero okha. Mabauti ndinagulanso atsopano, ndipo samalani pomanga chifukwa ndi a misinkhu iwiri: a 90 mm amapita mbali ya inlet (yolowera mpweya), a 108 mm mbali ya ekizozi. Ndinawapaka oyilo pang'ono, n'kumanga kuyambira pakati kupita m'mphepete, ndipo ndinadontheza penti pamutu pa iliyonse kuti ndione bwino pamene madigiri 90 akwanira.

Gwero la vuto lonseli, mmene ndikuonera, ndi madzi wamba amene galimotoyi yakhala ikuthiridwa isanabwere m'manja mwanga. Hedi ndi ya aluminiyamu pamene buloku ndi yachitsulo, ndipo ziwirizi sizifutukuka mofanana zikatentha, kotero injini ikawira chifukwa cha njira za madzi zotsekeka ndi dzimbiri, hedi imapindika ndipo gasiketi ndi imene imayamba kugonja. N'chifukwa chake ndatsukitsa rediyeta, ndasintha thermostat (kavavu kotsegulira madzi injini ikatentha) ndi chotsekera cha rediyeta, ndaika timing belt (lamba woyendetsa camshaft) yatsopano poti yakale ndinali nditaichotsa kale, ndipo ndathira coolant weniweni, madzi a mankhwala oziziritsa injini.

Pakadali pano ndikungoyenda nayo m'tauni muno, maso ali pa geji ya kutentha. Ikapitiriza chonchi ndipita nayo ku Dedza, kenako ndikatsike ndi kukwera Khwekhwerere, chifukwa injini imene yakwera phiri limenelo osawira ndingaikhulupirire. Ndinaonanso kuti m'masilinda muli timizere tosonyeza kutha, ndiye mvula isanayambe ndikulingalira zotsitsa injini yonse kuti ndisinthe ma ring ndi ma bearing, ndikapeza pobwereka chonyamulira injini.