Zikomo nonse amene munandigwira dzanja pa pulani ya khoti ija

Abale ndi alongo, ntchito ija yatha. Lachisanu ndinaimirira pamaso pa aphunzitsi anga kuno ku Johannesburg n'kufotokoza pulani ya khoti laling'ono la majisitireti imene ndakhala ndikujambula chaka chonsechi, ndipo aivomereza. Ndisanagone ndati ndithokoze.

Ndiyambe ndi inu azakhali. Mukukumbukira tsiku lija ndinakuperekezani kukhoti pa mlandu wa munda, ndili Folomu 3? Tinafika mbandakucha, tinapsa ndi dzuwa mpaka masana, kopanda benchi, kopanda mthunzi, kopanda wotilozera khomo. Atakuitanani, kukhosi kunauma. Inu amene pabwalo la amfumu mumalankhula mpaka anthu kugwedeza mitu, tsikulo munkanjenjemera ngati wakuba ndinu. Pobwerera munandiuza kuti chimene chinakuopsani si woweruza ayi, koma nyumbayo. Ntchito yangayi inabadwira pa mawu amenewo. Zikomo azakhali.

Ndithokozenso anthu amene amayendetsa alendo ku Constitution Hill. Ndinapitako maulendo ambiri ndi kabuku kanga, koma sanatope nane. Pamenepo ndi pamene pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa, limene nyumba yake inatsegulidwa pa 21 Malichi 2004. Malowo kale anali ndende, Old Fort ndi Number Four, kumene Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela anatsekeredwako pa nthawi zosiyana. Amene anajambula nyumbayi, Janina Masojada, Andrew Makin ndi Paul Wygers, anatsata ganizo limene ife a kumudzi timalidziwa kuyambira tili ana: mlandu umakambidwa pansi pa mtengo.

Ukangolowa, nsanamira zake n'zopendekeka ngati mitengo ya m'nkhalango, ndipo kuwala kumagwa pansi madonthomadontho ngati kwadutsa m'masamba. Pa zitseko zamatabwa anasemapo maufulu 27 a nzika, m'zinenero za dzikolo ndi m'chinenero chamanja. Njerwa zina za m'chipinda cha milandu anazichotsa pa nyumba imene ankasungiramo akaidi oyembekeza kuzengedwa, ndipo sanazipake pulasitala. Kutsogolo kwa mipando ya majaji 11 kuli zikopa za ng'ombe, chilichonse mawanga akeake. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi kazenera kataliatali kam'munsi, kamene ukakhala m'katimo umaona miyendo ya anthu odutsa panja. Nkhope suiona. Wolemera ndi wosauka, onse ndi miyendo basi, ndipo mlandu umakambidwa miyendoyo ikudutsa. Tsiku loyamba ndinakhala pampando nthawi yaitali ndikungoyang'ana kazenerako, ndikuganiza za kachere wa kwathu.

Khoti langa ndi laling'ono, lopanda nsanjika. Pakati pali bwalo ndi mtengo, kuzungulira kuli khonde lalikulu la mabenchi, mpopi ndi zimbudzi zili poonekera. Wa njinga ya olumala amalowa khomo lomwe aliyense akulowa, osati lakuseri. Mpando wa woweruza ndinaukweza masitepe awiri okha. Pamenepa tinalimbana ndi aphunzitsi amene ankandiyang'anira, iwo akuti ulemu wa khoti ndi chitetezo zisachepe. Ankanena zoona, ndipo chifukwa cha iwo akaidi ali ndi njira yawoyawo yochokera m'chitokosi. Zikomo aphunzitsi pondibweza kasanu konse. Pa masitepe paja pokha sindinagonje, chifukwa woweruza ayenera kuona nkhope ya munthu, osati pamutu pake.

Kwa amayi aja, kalaliki wa khoti lina, amene munandipatsa nthawi yanu ya nkhomaliro: inu ndi amene munandiuza kuti mwana wodzapereka umboni nthawi zina amakhala benchi limodzi ndi abale a munthu amene anamulakwira. Ine zimenezi sindinaziganize. Tsopano pulaniyi ili ndi chipinda chapadera cha ana ndi mboni, chokhala ndi khomo lake.

M'mwezi wa Juni anandibera laputopu m'minibasi, mapulani a miyezi inayi ali momwemo. Ndinalira, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Anzanga a kutchalitchi ndi a m'gulu lathu la Amalawi munasonkha, ena mwa inu muli ndi ganyu wa tsiku limodzi pa sabata. Mnzanga wogona naye chipinda anadula nane makatoni usiku wonse kuti kanyumba kachitsanzo kaimenso. Amayi ndi abambo, mafoni anu a Lamulungu lililonse ndi amene ankandidzutsa. Ambuye akubwezereni nonse.

Azakhali, pa Khirisimasi ndikubwera nako kanyumbako. Mudzaone nokha pamene ndaika benchi lanu, pansi pa mtengo, moyang'anizana ndi khomo.