Kutsika mtsinje wa Colorado kuchokera padamu la Glen Canyon

Tinayambira ku Page, m'chigawo cha Arizona ku America, pamlatho woyang'anizana ndi damu la Glen Canyon. Khoma lake ndi lalitali mamita 216, ndipo kuseri kwake kuli nyanja ya Powell, imene inayamba kudzaza mu 1963. Madzi otuluka kunsi kwa khomalo ndi obiriwira, oonekera mpaka pansi. Kale Colorado unali wofiira ndi matope, wofunda m'chilimwe. Lero mchenga woposa 90 pa 100 iliyonse umatsalira m'nyanjamo, ndipo kwa zaka zambiri madzi ankatuluka ali pa madigiri 8 mpaka 10 chaka chonse, chifukwa amatengedwa pansi kozizira.

Maboti amalowa m'madzi pa Lees Ferry, makilomita 25 kunsi kwa damu. Usiku woyamba womwewo mumadziwa kuti mtsinjewu umamvera magetsi, popeza madzi otuluka padamu ndi amene amazunguza makina opanga magetsi. Anthu akafuna magetsi ambiri madzi amakwera, akagona amatsika, ndipo boti lomangidwa pamalo osaya limapezeka m'mawa litakhala pamchenga.

Mchengawo ndiwo mutu wa nkhani. Apaulendo amagona pamilu ya mchenga ya m'mphepete, ndipo mphepo imauluzira mchenga womwewo kumtunda, kumene umakwirira ndi kuteteza malo akale a mitundu ya eni dziko, Ahopi, Azuni, Anavajo, Ahualapai ndi Apaiute. Lamulo la 1992 loteteza Grand Canyon, chigwa chakuya chimene mtsinjewu umadutsamo, litakhazikitsidwa, boma linayamba mu 1997 dongosolo loyendetsa damu moyesa: kusintha katulutsidwe ka madzi, kuyeza zotsatira, n'kukonzanso. Oyeza ndi akatswiri a USGS, bungwe la boma lofufuza za nthaka ndi madzi, a mumzinda wa Flagstaff, pomwe damu lili m'manja mwa Bureau of Reclamation, nthambi ya boma yoyendetsa madamu.

Mu March 1996 anapanga chigumula chadala, makyubikimita pafupifupi 1,270 pa sekondi kwa masiku 7. Ankaganiza kuti mchenga wochokera m'mitsinje ing'onoing'ono umaunjikana pansi kwa zaka, kudikira madzi ambiri oti aukweze m'mbali. Maganizowo anali olakwika. Milu inakula pamwamba, koma mchenga wambiri unachokera m'munsi mwa milu yomweyo, ndipo kuyeza kunasonyeza kuti mchenga watsopano umakokoloka m'miyezi yochepa chabe. Kuyambira 2004 amayamba adikira kuti mtsinje wa Paria, umene umathira pafupi ndi Lees Ferry, ubweretse mchenga wa mvula ya chilimwe, kenako amatsegula madzi mwamsanga ndiponso kwa nthawi yochepa. Chaka chimenecho anali maola 60 okha. Chigumula chotere chili ndi mtengo wake, popeza madzi ena amadutsa m'mapaipi anayi olambalala makina, osapanga magetsi. Pankhani ya mchenga umboni ndi wolimba, chifukwa milu yomweyomweyo yakhala ikuyezedwa kuyambira 1990 ndipo makamera oikidwa m'matanthwe amaijambula tsiku ndi tsiku. Amaonetsanso chowawa: mulu womangidwa ndi chigumula umayamba kugumuka m'miyezi yotsatira.

Patapita makilomita pafupifupi 100 tinafika pamene mtsinje wa Little Colorado umathira, madzi ake a buluu wotuwa ngati osakanizidwa ndi mkaka. Kuno n'kumene nsomba ya humpback chub, ya linunda kumbuyo kwa mutu, imaswana. Imafuna madzi a madigiri 16 kapena kuposa kuti mazira aswe bwino. Ofufuza amaigwira m'maukonde ozungulira, kuiyeza, n'kuibaya kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokhala ndi nambala yakeyake. Apa ndi pamene umboni umafooka. Pakati pa 2003 ndi 2006 anachotsa nsomba zambiri za trout, zimene zimadya ana a chub, ndipo chub inachuluka. Koma zaka zomwezo chilala chinatsitsa nyanja ya Powell, madzi otuluka n'kufunda. Kodi chinathandiza n'chiyani, kuchotsa trout kapena kufundako? Mtsinjewu ndi umodzi, palibe wina wofanana nawo woti usiyidwe osakhudzidwa kuti ayerekezere. Azuni nawo anatsutsa kupha nsomba pamalo amene kwa iwo ndi opatulika, ndipo mawu awowo ndi oyenera kulemera pokambirana monga mmene manambala amalemerera.

Madzulo oyendetsa maboti ena amayatsa kanyale pamwamba pa chidebe kwa ola limodzi kuti agwire tizilombo touluka. Zitsanzo zimenezi zinathandiza kuulula vuto lina. Tizilombo ta m'madzi timaikira mazira pamiyala m'mphepete penipeni, ndipo madzi akatsika mazirawo amauma n'kufa mu ola limodzi. Choncho mu 2018 anayamba kuyesa kusunga madzi pamlingo umodzi wotsika Loweruka ndi Lamlungu, kuyambira May mpaka August, masiku amene magetsi safunika kwambiri.

Chub inachotsedwa pagulu la zotsala pang'ono kutheratu mu 2021, n'kuikidwa pa zongoopsezedwa. Chaka chotsatira nyanja inatsika kwambiri moti smallmouth bass, nsomba yolusa ya madzi ofunda, inadutsa m'makina n'kuyamba kuswana kunsi kwa damu. Mu 2024 anatsegula mapaipi olambalala aja, amene amatunga pansi kwambiri, kuti aziziritse mtsinje dala. Tinatulukira pa Diamond Creek, m'dziko la Ahualapai, makilomita pafupifupi 360 kuchokera pa Lees Ferry, madzi atafunda kale ndipo ali odera ndi matope.