Hamlet Lachisanu, anzake awiri Loweruka: ulendo wa ku Edinburgh

Sitima yochoka pa King's Cross ku London imatenga maola pafupifupi anayi ndi theka kukafika pa siteshoni ya Waverley ku Edinburgh, ku Scotland. Mukatsika pali chitunda: Cockburn Street imakwera mokhotakhota mpaka pa msewu wa Royal Mile, pomwe mu Ogasiti anthu amakhala ali pikitipikiti, aliyense akukupatsirani kapepala koitanira ku sewero lake. Imeneyi ndi nyengo ya Fringe, chikondwerero cha zisudzo chomwe chinayamba mu 1947 pamene magulu 8 a zisudzo anafika osaitanidwa n'kumasewera pambali pa chikondwerero chachikulu cha mumzindawu. Mpaka lero palibe wosankha masewero. Wapeza malo, wasewera. Malo ogona mwezi umenewu ndi odula zedi, moti ena amagona ku Glasgow n'kumabwera pa sitima, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Jekete lamvula musalisiye.

Chimene ndinapitira ndi gulu lina la anthu a m'deralo, aphunzitsi ndi opuma pantchito, lomwe limasewera mu holo ya tchalitchi kunja kwa phokoso la pakati pa mzinda. Linakonza masewero awiri olumikizana, anthu ake omwewo: Hamlet wa Shakespeare tsiku lina, mawa lake sewero lanthabwala la Tom Stoppard, Rosencrantz and Guildenstern Are Dead (kutanthauza kuti Rosencrantz ndi Guildenstern afa). Lachiwirili linabadwira ku Fringe konkuno mu 1966, litaseweredwa ndi ophunzira a ku Oxford, ndipo mu 1967 linafika ku National Theatre ku London.

Mu Hamlet, Rosencrantz ndi Guildenstern ndi anthu osanunkha kanthu. Mfumu Claudius yawaitana kuti akazonde Hamlet, mnzawo wa paubwana, kenako ikuwatuma kumuperekeza ku England atanyamula kalata yolamula kuti aphedwe. Hamlet akusintha kalatayo, ofa n'kukhala iwowo. Stoppard anatenga awiriwa n'kuwaika pakati pa siteji, akudikira, osadziwa chomwe aitanidwira, pamene Hamlet ndi a kunyumba yachifumu akungodutsa, kulankhula mawu enieni a Shakespeare, n'kutuluka.

Apa ndiye pagona ntchito. Hamlet wosadula amatenga maola pafupifupi anayi, ndiye gulu lililonse limamudula, ndipo lumo limakonda kugwera pa awiriwa popeza nkhani imatha kuyenda popanda iwo. Mukamasewera onse awiri, zimenezo sizitheka. Chigawo chilichonse chomwe Stoppard anabwereka chiyenera kutsala mu Hamlet: pomwe mfumu ikuwalandira, pomwe akufunsa Hamlet komwe wabisa mtembo wa Polonius (nduna ya mfumu yomwe Hamlet waipha), ndi kazembe wa ku England wobwera kumapeto kudzanena kuti aphedwa. Mukachotsa kazembeyo, dzina la sewero lachiwiri latha tanthauzo. Gululi linadula kwina ndipo linachita bwino. Kumbukiraninso kuti Shakespeare mungamudule mmene mungafunire osalipira kanthu, koma sewero la Stoppard limafuna chilolezo cholipira, ndipo simungachotse mawu popanda eni ake kuvomera.

Zigawo zobwerekazo ziyenera kuoneka chimodzimodzi masiku onse awiri: zovala zomwezo, khomo lolowera lomwelo, ngakhale kaweramidwe pamaso pa mfumu. Pansi pa siteji anamata timatepi ta mitundu iwiri tosonyeza poima. Chovuta n'chakuti Stoppard amadula Shakespeare pakati n'kubwerera kwa anthu ake awiri, ndiye wosewera Claudius, pakamwa patazolowera za dzulo, akhoza kupitiriza ndi mawu omwe lero kulibe. Mankhwala ake n'kukumana msanga madzulo aliwonse n'kubwereza mofulumira zigawo zomwe zili m'masewero onse awiri, kuti aliyense akumbukire polekezera.

Katundu wa sewero lanthabwala amaoneka wochepa koma ndi wovuta. Limayamba ndi kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba, ndipo imagwa mbali ya mutu maulendo 92 motsatizana. Pa matabwa ndalama imagubuduzika n'kukagwera kumapazi kwa oonera, ndipo wa pampando wakutsogolo akaitola n'kuona kuti yagwa mbali inayo, nthabwala yafa. Iwo anayala chinsalu chokhuthala chakuda kuti ndalama izingoti phi! pomwe yagwera. Chigawo chachitatu chimachitikira m'sitima yapamadzi, ndipo pamafunika migolo yoti anthu abisalemo achifwamba akaukira. M'holo yopanda chibowo pansi pa siteji, migoloyo imabooledwa kumbuyo n'kuyedzamira chinsalu chotchinga kuti munthu azikwawa n'kutulukira kuseri. Amene akhala kumapeto kwa mzere amaona zonse. Tikiti yabwino ndi ya pakati. Mu sewero la Shakespeare, malupanga a Hamlet ndi Laertes, mwana wa Polonius, ndi obuntha, komabe ndewuyo amaiyeserera pang'onopang'ono nthawi zonse anthu asanalowe.

Kugawana kwa mtolo kunandisangalatsa. Wosewera Hamlet amatuluka thukuta Lachisanu n'kupumako Loweruka, pamene awiri aja Loweruka sachoka pa siteji pafupifupi sewero lonse. Guildenstern wa gululi ankathamangitsa mawu, kuopa kuti anthu atopa, ndipo nthabwala zingapo zinamira m'kuseka kwa nthabwala yomwe yangotha kumene. Pamafunika kudikira kuseka kuyambe kutsika kaye.

Pogula matikiti yambani ndi Hamlet, ngakhale munamuwerengapo Shakespeare kusekondale. Amene anayamba ndi Stoppard mumawadziwa: mfumu ikangosokoneza mayina a awiriwa, kapena iwo akangolowa atayang'anana, amayamba kukhikhitika pamene nkhani ili pa imfa. Fikani nthawi ikadalipo, chifukwa malo ambiri a Fringe salowetsa ochedwa, ndipo ngati mukugona ku Glasgow onani nthawi ya sitima yomaliza musanakhale pansi.