Mmene ndinapitirizira kuyamwitsa mwana akutsala kwa olera

Kutatsala milungu itatu kuti ndibwerere kuntchito, ndinayamba kufinya mkaka. Mwana anali ndi miyezi inayi, ndipo ndinali nditatsimikiza mtima kumuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6, monga limalangizira bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Tsiku loyamba ndinangopeza timadontho tonyowetsa pansi pa kapu. Mtima unagwa. Koma bere limapanga mkaka molingana ndi umene watulukamo, choncho ndinkafinya m'mawa uliwonse mwana akangotha kuyamwa. Pofika sabata yachiwiri botolo linayamba kudzaza theka.

Kasungidwe sikanandivute. Mkaka wofinya kumene umakhala maola 4 pamalo osatentha kwambiri, masiku 4 m'firiji, ndipo wowumitsa umafika miyezi 6 uli bwino. Ukasungunuka uyenera kumwedwa pasanathe maola 24, osaubwezanso kokawumitsa. Pa botolo lililonse ndinkamata kapepala ka dzina la mwana ndi tsiku.

Ndisanamusiye ndinapita kukaonana ndi amayi olera ana pamalo omwe ndinkafuna kumamusiya. Ndinaona firiji yawo ndi maso angawa, kenako ndinawapempha kuti pofunditsa mkaka azingoviika botolo m'madzi ofunda, osati mu microwave, chifukwa imatenthetsa mbali zina mpaka kuwotcha mwana m'kamwa. Ndinawaonetsanso mafuta amene amayandama pamwamba mkaka ukakhalitsa. Ambiri akaona zimenezi amati wawonongeka, chonsecho umangofunika kuuzunguza pang'ono.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza. Tsiku lachitatu foni inalira masana: "Mayi, mkaka watha." Ndinali nditasiya mabotolo atatu odzaza! Madzulo nditafunsa bwino ndinamva mmene zinayendera. Mwana akangolira ankamupatsa botolo lathunthu, iye n'kumwa theka, ndipo wotsalawo unkatayidwa pakapita maola awiri, monga zimayenera kukhalira. Mkaka womwe ndinaufinya ndikuwodzera unkathera m'sinki. Kuwadzudzula sindikanatha, vuto linali langa lodzaza mabotolo.

Ndinayamba kuika mamililita 60 mpaka 90 m'botolo lililonse. Tinakhalanso pansi ndi amayi aja, mwana ali pamiyendo pawo, ndikuwaonetsa mmene amachitira akamva njala: kuyamwa zala, kutembenuza mutu akufunafuna bere. Kulira kwina ndi tulo chabe, kapena thewera lanyowa. Pomumwetsa tinagwirizana kuti azimukhazika chotsamira, botolo lili chopingasa, n'kumamupumitsa. Botolo lozondoka limathira mkaka mofulumira, ndipo mwana akazolowera zimenezo amayamba kunyansidwa ndi bere.

Pempho lomwe linandithandiza koposa linali laling'ono. "Mayi, ikatsala ola limodzi kuti ndifike, musamupatse botolo lonse. Akavuta mumulawitse pang'ono, ndidzamuyamwitse ndekha." Anavomera, mpaka anandiikira mpando pakona. Ndikafika mawere ali odzaza, ndinkayamwitsa pomwepo tisananyamuke.

Kuntchito ndinkafinya pakapita maola atatu alionse, m'kachipinda kotseka. Mkaka ukakana kutsika ndinkaonera kavidiyo ka mwana pafoni, ndipo posakhalitsa unkayamba kuchucha. Ndinkabwera nawo m'kachikwama kokhala ndi madzi oundana.

Chimene palibe anandichenjeza ndi usiku. Mwana anayamba kumwa pang'ono masana n'kumabwezera usiku, kuyamwa katatu kapena kanayi. Ndinkafika kuntchito maso ali psuu kwa mwezi wathunthu, mpaka mwana atakwanitsa miyezi 6 n'kuyamba kulawa chakudya, pamene mabotolo a m'chikwama anatsika kuchoka pa asanu kufika pa atatu.