Khirisimasi ya ophunzira otsala ku Zomba

Pa 25 Disembala chaka chatha, ine ndi mkazi wanga tinaitana ophunzira asanu ndi atatu a pa yunivesite ya kuno ku Zomba amene sanapite kwawo patchuthi. Ambiri anali ochokera ku Karonga ndi ku Chitipa, ndipo ndalama ya basi yopita ndi kubwerera ikanadya zonse zimene makolo anawatumizira.

Popeza nafenso m'thumba munali mopepuka, sitinawasonkhetse ndalama, koma tinapempha aliyense kuti abwere ndi mbale ndi kapu yake. Tinagula nkhuku ziwiri zachikuda, matemba a ku Chilwa ndi nyemba, ndipo nkhwani wotendera tinathyola kuseri kwa nyumba. M'malo mwa zakumwa za m'mabotolo, zimene ndimaona kuti zimangomaliza ndalama popanda wokhuta, mkazi wanga anaphika thobwa la chimera cha mawere kutatsala masiku awiri, ndipo linafika patsikulo litatsekemera bwino. Mtsikana wina wa ku Karonga anabweretsa mpunga wa Kilombero umene ankausunga m'chipinda chake, ndipo fungo lake linafika mpaka kwa aneba.

Nkhukuzo tinapempha mnyamata wachisilamu wa ku Mangochi kuti azinge yekha, kuti naye adye mtima uli m'malo. Chakumasana mvula inagwa yamphamvu ndipo magetsi anazima, moti mpunga tinamalizira pambaula pakhonde, ophunzirawo akusinthana kukupiza moto. Mango a mumtengo wathu anatha onse, ndipo thobwa lotsala ananyamula m'zigubu pobwerera ku hositelo.