Fulu wokalamba akakana chakudya, yambani mwayeza kutentha

Fulu wanga ndi box turtle wa kum'mawa kwa America, uja amatseka chigoba ngati bokosi akachita mantha. Anatha milungu itatu osalawa kanthu. Lero wadya nyongolotsi ziwiri, ndiye ndilembe zinthu zidakali m'mutu.

Musanasinthe chakudya, yezani kutentha m'khola. Fulu alibe kutentha kwakekwake, ndipo akazizidwa m'mimba simugaya, ndiye sadya ngakhale mumupatse zokoma bwanji. Pansi pa babu pamene amaothera pakhale madigiri 29 mpaka 31, mbali inayo 21 mpaka 24. Kwanga panali 22 basi. Choyezera muchiike pansi pomwe fulu amakhala, osati pakhoma m'mwamba.

Chimene chikundiwawabe ndi tsiku limene ndinataya kwa dokotala wa agalu ndi amphaka. Kudikira m'mawa wonse, kulipira ndalama yomuonera, iwo n'kungomutembenuza kawiri, amvekere "mubwerenso sabata yamawa". Za kutentha sanafunse, ngakhale ndowe zake sanapime ngati muli njoka za m'mimba. Imbani foni kaye mufunse ngati amaona afulu ndi abuluzi. Akayamba kuzengereza poyankha, musapite.

Ndayiwala za babu la UVB, lija limapereka kuwala konga kwa dzuwa kumene fulu amafunikira. Limayakabe koma mphamvu yake imatha pakadutsa miyezi 6 mpaka 12, ndipo kuwala kumeneku sikudutsa pagalasi, ndiye kumuika pawindo n'kudzinamiza. Liziyaka maola 12 mpaka 14 patsiku, makamaka kuyambira Okutobala, pamene afuluwa kwawo ku America amasiya kudya pokonzekera tulo ta nyengo yozizira.

Kadyetsedwe kake ndi aka. M'mawa aothe kaye ola limodzi. Kenako mumuviike m'madzi ofunda ofika m'chibwano kwa mphindi 15 kapena 20, muwaze madzi m'khola kuti muchite chinyezi ngati kwagwa mvula, chifukwa kutchire amatuluka kukasaka mvula ikakata. Ikani nyongolotsi yamoyo pamwala wafulati, inu muchokepo. Ndi wamanyazi, mukamusuzumira amabweza mutu. Chinthu choyenda ndi chofiira ndicho chimamukopa, ndiye ndimafinyira sitiroberi pa dzungu lophika, karoti wopala ndi masamba odula tinthu ting'onoting'ono, nyongolotsi n'kuidula pamwamba pake kuti asasankhe. Mukalekerera, fulu wokalamba amakakamira zipatso zokha. Nyongolotsi zisachoke pa kapinga wopopera mankhwala, ndipo mapeyala musamupatse n'komwe.

Wamkulu sadya tsiku lililonse. Kamodzi pa masiku awiri kapena atatu n'kokwanira, ndi ufa wa calcium pang'ono kawiri pamlungu.

Muoneninso maso ndi mlomo. Maso otupa kapena chotupa m'mbali mwa mutu nthawi zambiri n'kuchepa kwa vitamini A, n'chifukwa chake ndikulimbikira dzungu ndi karoti. Mlomo ukatalika kwambiri amalephera kuluma, ndipo woudula ndi dokotala, osati inu ndi lezala. Muzimuika pa sikelo ya kukhitchini mlungu uliwonse n'kulemba magalamu. Akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kapena akamatuluka thovu m'mphuno, imeneyo si nkhani ya kusankha zakudya, pitani naye kwa dokotala wa afulu uja. Koma musanalipire aliyense, yezani kutentha pansi pa babu.